Pepani sapoletsa chilonda

Mwambi uwu umatuluka mtima utatentha. Ng'ombe za mnzako zagona m'dimba mwako usiku wonse, m'mawa mwini wake akubwera manja ali kumbuyo kudzapepesa, iwe n'kumuuza kuti pepani sapoletsa chilonda. Aliyense wamva kuti ukufuna chipepeso chogwirika, mbuzi kapena ndalama. Ndi mwambi wa pabwalo la milandu, pamaso pa anyakwawa. Koma alipo anthu amene amaudziwa bwino kuposa nyakwawa aliyense, ngakhale sauyankhula pagulu: awo amene akhala ndi ululu m'thupi zaka ndi zaka. Iwowa anamva kale pepani wa mtundu uliwonse, wa abale, wa akumpingo, wa anamwino, ngakhale wa mnyamata wa kabaza njinga ikagwera m'dzenje. Akadzuka m'mawa, chilonda chili pomwe chinali dzulo.

Kwa Kapondo, monganso m'midzi yambiri ya m'boma la Mchinji, munthu amadya ndi msana wake. Mtedza ufuna wokumba ndi wothothola, soya afuna womenya, fodya ndiye amakuweramitsa kuyambira ku nazale mpaka tsiku lomanga belo. Amayi awonjezerepo ndowa ya pamutu, mtolo wa nkhuni ndi mwana kumbuyo. Ukalamba usanafike n'komwe, mawondo ndi chiuno zimakhala zitayamba kale kudandaula. N'chifukwa chake ukapereka moni wa m'mawa umamva kuti "tadzuka pang'ono," ndipo wofunsayo sadabwa, amangoti "pepani," n'kupitirira ndi khasu lake.

A zachipatala amati ululu ukapitirira miyezi 3 umaleka kukhala chizindikiro chabe cha vuto lina, ukhoza kusanduka nthenda payokha, ndipo bungwe la WHO linaulemba motero m'kaundula wake wa matenda amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Kumudzi kuno maina tinali nawo kale: nyamakazi, msana, mutu waching'alang'ala, mapazi otentha. Yang'anani mawondo a agogo ambiri, mupeza mizere ya mphini, umboni wakuti kwa asing'anga anafikako. Masulani pa mfundo ya chitenje chawo, mupeza timapiritsi ta Panado ndi Indocid togula pa okala.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti ukaima pamphambano n'kuona gulu limene likupita kukazonda odwala, otsimphina sasowamo. Amayi a Chigwirizano cha CCAP Nkhoma Synod, amene akhala akuyenda m'makomo mwa odwala ndi oferedwa kuyambira cha m'ma 1940, amayi a Dorika, akhristu a m'miphakati ya Katolika imene inakhazikika m'dayosizi ya Lilongwe m'nthawi ya Bishopu Patrick Kalilombe m'zaka za m'ma 1970, onsewa ukawaonetsetsa upeza wina wamanga chitenje mothina m'chiuno kuti msana ugwire, wina akuyenda ndi ndodo, wina akutsalira kumbuyo n'kumanamizira kuti akukonza patapata. Anyamata ndi atsikana a mphamvu zawo ali kumsika kapena kumpira. Ntchito yonyamula ofooka yatsalira ofooka anzawo.

Mmodzi mwa amayi otere ndimamudziwa. Vuto lake ndi mapazi. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, mankhwala oyambirirawo anali ndi stavudine, amene anapulumutsa miyoyo yosawerengeka koma anawononga mitsempha ya m'mapazi mwa anthu ena. Dziko lino linayamba kusintha mankhwalawo mu 2011 ndipo lero anasiyidwa, koma mtsempha ukawonongeka sumachira nthawi zonse. Mayiyu akamafotokoza amati zimakhala ngati waponda makala a moto amene wina waiwala kuzimitsa. Usiku safuna bulangete likhudze zala za kumapazi, ngakhale mu June, mphepo ya ku Mchinji ikuluma. Pafupi ndi mphasa pamakhala beseni la madzi ozizira. Tambala woyamba akamalira, kawirikawiri iye amakhala ali tsonga, mapazi ali m'madzi, akupemphera kapena kungoyang'ana mdima.

Tsiku lina gulu lawo linapita kwa gogo wina amene anafa ziwalo mbali imodzi. Analowa, anaimba, wina anawerenga mawu, wina anapemphera mokweza, anasiya ufa ndi sopo. Atafunsa kuti thupi lili bwanji, gogoyo anayankha monga amayankhira odwala onse aulemu, kuti bolaniko lero. Anthu anati zikomo Ambuye, n'kuyamba kutuluka. Mayi wa mapazi uja anatsalira. Anakhala pansi, anatambasula miyendo yake pang'onopang'ono, n'kusendera pafupi.

"Agogo, musandinamize, ine ndi mnzanu. Usiku kumayamba nthawi yanji?"

Gogo anamuyang'ana kanthawi. "Anthu akangogona, mwanawe. Mpaka mbandakucha."

"Pati makamaka?"

"Pachiuno apa, pogonera."

Mayi uja anaitana mpongozi wa pakhomopo, namupempha kuti amuthandize kuwatembenuza agogowo. Pa fupa la m'chiuno khungu linali litafiira ndipo linali pafupi kutseguka. Anamuonetsa mopindira chitenje chakale n'kuchiika pakati pa mawondo, anamuuza kuti gogo asagonere mbali imodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuti mphasa ikanyowa isinthidwe nthawi yomweyo, ndi kuti akauze mlangizi wa zaumoyo chilonda chisanabooke. Kenako anatembenukira kwa mpongoziyo, mtsikana wa mwana kumbuyo amene palibe anamufunsa kanthu chilowereni gulu lija: "Nanga inu mayi, tulo munatiwona liti?" Mtsikanayo sanayankhe. Anangophimba nkhope ndi chitenje.

Ena onse aja sanalakwe kanthu. Nyimbo ndi ufa n'zofunika, ndipo nyumba ya wodwala imene simulowa alendo imazizira msanga. Koma munthu wa thupi labwino amafunsa za matenda ali chiimire, ndipo yankho lakuti bolaniko limamumasula kuti azipita. Amene amagona ndi ululu amadziwa kuti bolaniko ndi ulemu chabe, amadziwa kuti nkhondo yeniyeni ili pakati pa usiku, amadziwanso kuti wodwazika matenda amatopa mpaka kuyamba kudana ndi wodwala amene amamukonda, kenako n'kudzida yekha chifukwa cha maganizo amenewo. Zimenezi sanaziphunzire ku semina. Ndipo poti amadziwa kuti pepani sapoletsa chilonda, sataya nthawi yambiri pa pepani. Amafunsa pamene pakuwawa.

Komabe mumpingo momwemo muli mafunso amene amalasa kuposa matendawo. "Inu mumapempherera ena, nanga inuyo bwanji simuchira?" Ena amanena moseka, ena motsimikiza. Masiku ano pa wailesi ndi m'misonkhano ya chitsitsimutso timamva maumboni a amene anataya ndodo, ndipo wotsala ndi ndodo yake amabwerera kunyumba akudzifunsa kuti analakwa chiyani. Mayi ndikunenayu anapitako kwa mneneri wina. Anagula botolo la madzi odalitsidwa ndi ndalama ya mtedza, anauzidwa kuti pali mbale wake amene anamutchera, anauzidwanso kuti akapitiriza kumwa mapiritsi ndiye kuti akukayikira Mulungu. Mwamwayi mapiritsi sanasiye. Alipo amene anasiya, ndipo manda awo tikuwadziwa.

Sindikutsutsa pemphero la machiritso. Ndikutsutsa chiphunzitso chimene chimasandutsa ululu kukhala mlandu wa wodwala, ngati kuti Baibulo lonse ndi nkhani za anthu ochira. Paulo, amene ena ankachira pongokhudza nsalu zochokera pathupi pake, akusimba m'kalata yachiwiri kwa Akorinto, mutu 12, za munga umene unali m'thupi mwake. Anapempha katatu kuti uchoke, sunachoke, ndipo maulendo ake onse anayenda nawo. Paulo yemweyo anasiya mnzake Trofimo akudwala ku Mileto, ndipo Timoteo wa m'mimba movutavuta anamulangiza chakumwa choti chimuthandize, sanamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Yakobo anachoka pa Penieli atadalitsidwa koma akutsimphina, ndipo palibe pamene timawerenga kuti chiunocho chinawongoka. Akuluakulu athu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mpingo umene umayesa chikhulupiriro cha munthu poyang'ana mayendedwe ake udzataya amayi ake enieni, n'kutsala ndi alendo odziwa kufuula.

Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye pansi osatsegula pakamwa. Zinaipa atayamba kufotokoza chifukwa chimene akuvutikira. Kwa Kapondo ofotokoza sasowa: wina ati ndi ufiti wa akuchimuna, wina ati ndi tchimo lobisika, wina ati Mulungu akufuna kukuphunzitsani kanthu. Wachitatuyu amamveka wauzimu kuposa enawo, koma nayenso ndimamuopa. Ngati pali chimene munthu waphunzira m'masautso ake, mwini wake ndiye anene, ndipo anene pa nthawi yake. Wa mapazi abwino asamuwerengere wa mapazi otentha phindu la moto umene sanaupondepo.

Tsono pali ngozi ina, yobisika kwambiri chifukwa imabwera itavala chiyamiko. Munthu akamatumikira ali ndi ululu, timayamba kumutama. "Mayi uja ngolimba." "Mayi uja ndi chitsanzo." Abusa amutchula pa guwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo watsekeredwa. Maliro akagwa, dzina lake ndi loyamba pa ogona pasiwa, pansi pozizira usiku wonse. Kukabwera alendo a kusinodi, iye ndiye aime pa mphika waukulu ndi mthiko. Akati lero sinditha, anthu amadabwa ngati wabwerera m'mbuyo. Tamukweza n'cholinga choti ife tipume. Fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo miphika yambiri ya mumpingo inasweka tikuwomba m'manja.

Tinenenso zoona: si onse otsimphina amene amapita kumaliro chifukwa cha chikondi chokha. Kupatsa n'kuika, tonse timadziwa. Mwambi umenewu uli ndi nkhope yokoma, komanso uli ndi mano. Mudzi umakumbukira amene sabwera pa zovuta za anzake, ndipo munthu wodwaladwala amaganiza za tsiku lake kuposa wina aliyense. Amadzikoka kupita kusiwa poopa kuti akadzagona iye, adzukulu adzazengereza ndipo amayi adzaphika monyinyirika. Mantha amenewa ndi enieni ndipo sindimuweruza nawo munthu. Koma mpingo umene umalalikira chisomo uyenera kukhala malo amodzi pamudzi pamene munthu angajombe chifukwa cha thupi popanda dzina lake kulembedwa m'mitima ya anthu. Ngakhale Mwini mtanda anathandizidwa kuusenza panjira ndi Simoni wa ku Kurene, munthu wa ku Africa konkuno, ndipo sitimva kuti anakana.

Wina angati, basi, odwala akhale kunyumba, tiziwatumikira ife. Pamenepo mwambi wina umatigwira dzanja: chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Madokotala amavomereza kuti pa matenda ambiri a msana ndi nyamakazi, kugona tsiku lonse kumawonjezera vuto, pamene kuyenda pang'ono ndi kugwira tintchito tokwanira mphamvu kumathandiza. Za mumtima ndiye n'zoposa. Ululu wokhalitsa umakonda kumutsekera munthu m'nyumba, umamuuza kuti ndiwe katundu, ana ako atopa nawe, ungodikira tsiku. Mayi uja anandiuza kuti mapazi saleka kutentha akakhala kwa wodwala, koma amaleka kukhala nkhani yokhayo ya tsikulo. Kumulanda utumiki wake m'dzina la chifundo ndi kumuwonjezera nthenda yachiwiri. Pakati pa fupa lokakamiza ndi mphasa yongoimika pali kanjira kopapatiza, ndipo wodziwa pamene kadutsa ndi mwini thupi. Lero atha kuyenda mpaka kutsidya kwa dambo, mawa sangafike ndi pachitsime pomwe. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo pa tsiku lachiwirilo sakunama.

Kunja kwa dziko lino kunali mayi wina amene moyo wake unadutsa kanjira komweka. Cicely Saunders wa ku England anali namwino, koma msana unamuvuta mpaka anasiya ntchito ya unamwino. Sanachoke pakati pa odwala. Anayamba ntchito yothandiza odwala pa mavuto a moyo wawo, kenako anaphunzira udokotala, ndipo mu 1967 anatsegula St Christopher's Hospice ku London, kumene kunayambira chisamaliro chamakono cha anthu odwala matenda osachiritsika. Anali mkhristu wopemphera, koma sanauze odwala ake kuti angopirira. Anaphunzitsa kuti mankhwala opha ululu aziperekedwa pa nthawi yake, ululu usanabwerere, osati kudikira kuti munthu ayambe kubuula. Anaphunzitsanso kuti ululu wa munthu suli m'thupi mokha: nkhawa ya ana, ngongole, kusungulumwa ndi mafunso okhudza Mulungu zonse zimawawa pamodzi. Aliyense amene anadwazikapo matenda m'nyumba ya udzu, mvula ikudontha, fetereza asanagulidwe, sangatsutse.

Kwathu kuno ntchito imeneyi ili ndi eni ake. Lucy Finch, namwino wa ku Malawi konkuno, anatsegula malo osamalira odwala otchedwa Ndi Moyo ku Salima mu 2007 ataona mmene anthu ankafera ndi ululu umene ukanatha kuchepetsedwa. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli Tiyanjane ya akuluakulu ndi Umodzi ya ana. Bungwe la Palliative Care Association of Malawi lakhala likuphunzitsa anamwino ndi madokotala, ndipo morphine wamadzi, amene amathandiza kwambiri odwala khansa, analowa m'ndondomeko ya zipatala za boma. Zimenezi n'zofunika m'dziko limene lili m'gulu la maiko okhala ndi khansa ya khomo la chiberekero yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Koma kumudzi ambiri amamuopa morphine, amati ndi mankhwala omalizira munthu, ndipo ena amaona ngati kumwa mankhwala amphamvu ndi kuthawa mtanda. Akuluakulu a mpingo akanathandiza pamenepa ndi mawu ochepa chabe pa guwa: kuti kuchepetsa ululu si tchimo, ndipo munthu amene wagona tulo amapemphera bwino kuposa amene wachezera kukuwa.

Si ululu uliwonse umene umamva mankhwala amodzi. Wa mitsempha, ngati wa mapazi otentha a odwala shuga kapena a mayi uja, kawirikawiri sumva Panado ndi Brufen. Pali mankhwala ena amene achipatala amalemba pa vuto limeneli, monga amitriptyline, ndipo munthu amayenera kupimidwa kaye. Chimene chimachitika m'malo mwake n'chomvetsa chisoni. Munthu amagula Indocid kapena Brufen pa okala, awiri m'mawa awiri madzulo, chaka ndi chaka, nthawi zina m'mimba mulibe kanthu, kuti athe kupita kumunda ndi kukwaya. Mankhwala amenewa akamwedwa motero amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Amathawa msana n'kukagwa m'matenda oopsa kuposa msanawo.

Sachita dala. Kuti munthu wa kumudzi akafike ku chipatala cha boma ku Mchinji, kapena cha mishoni ku Kapiri, kapena kuwoloka malire kupita ku Mwami kufupi ndi Chipata monga amachitira ena, pamafunika ndalama ya kabaza kupita ndi kubwera, ya womuperekeza, ndi tsiku lathunthu losiya munda. Pa msewu wafumbi, wa msana amafika atawonjezera matenda. Nyengo ya dzinja, pamene nkhokwe yapepuka ndipo matope atseka njira, ulendowo umangoimitsidwa. Wodwala malungo amapita kamodzi n'kuchira. Wa ululu wokhalitsa amayenera kubwererako mwezi ndi mwezi, ndipo m'banja mumayamba kumveka mawu akuti "matenda ake omwe aja," kutanthauza kuti ndalama ipite kwina.

Apa ndi pamene mpingo uli ndi ngongole. Timadziwa kusonkha pa maliro. Bokosi, ufa, nkhuni, ndiwo, zonse zimapezeka tsiku limodzi, ngakhale mwezi wa njala. Timadziwa kusonkha za malata a tchalitchi ndi za yunifolomu ya kwaya. Koma munthu amene watumikira odwala a mpingo zaka zambiri, mapazi akuyaka, akafuna ndalama ya ulendo umodzi wa kuchipatala amakakongola kubanki m'khonde pa chiwongoladzanja. Tikamuona Lamulungu timamugwira dzanja n'kumuuza kuti tikumupempherera. Pemphero ndi labwino, ndipo iye amalilandira ndi mtima wonse. Kungoti mtumwi Yakobo analemba kale za munthu amene amadalitsa waumphawi ndi mawu okha osamupatsa chofunda, ndipo sanamuyamikire.

Zofunikazo si zazikulu. Mpando wokhala ndi choyedzamira m'tchalitchi, m'malo mwa benchi la njerwa, kwa amene msana sulola. Ufulu wokhala pansi pamene ena aimirira, popanda maso kumutsata. Pogawa ntchito za pamaliro, wa mapazi apatsidwe yokhala pafupi ndi namfedwa, imene amaitha kuposa tonsefe, ndipo mthiko ndi ndowa zipite kwa achinyamata. Achinyamata omwewo akhoza kumulimira mizere ingapo nthawi yopalira, kapena kumukweza pa njinga popita kukazonda wodwala wa kutali, n'kuphunzirako mmene amatembenuzira munthu wofa ziwalo, pakuti nzeru imeneyi ikupita ndi eni ake. Mutu umodzi susenza denga, timatero pa misonkhano yonse, koma denga la odwala a mumpingo talisenzetsa mitu ingapo yomwe ija, imenenso ikuwawa.

Inu akulu a mpingo, atsogoleri a miphakati ndi amayi a m'makomiti kwa Kapondo ndi kwina konse, zokolola zikalowa ndipo mwakhala pansi kugawa chopereka cha masika, ikani padera ndalama ya ulendo wa kuchipatala ya anthu a ululu wokhalitsa, ndipo muyambe ndi awo amene amakuyenderani odwala anu. Musadikire kuti apemphe, sadzapempha. Pitani kwawo, mukhale pansi, muwafunse kuti usiku kumayamba nthawi yanji.